Soda wa therere pa mitengo ya fındık: mmene ntchito ikuyendera kuno ku Ordu

24 Malichi 2024

Kabuku kanga ka kumunda kanyowa kawiri sabata ino yokha, nde ndati bola ndizilemba pano, olo foni itagwera mmatope zinthu zidzakhala zilipobe. Kwa amene simukudziwa, ndili ku Ordu, Turkey, mmbali mwa Black Sea, chaka chachiwiri cha masitazi ya matenda a mbewu, ndipo ntchito yanga chaka chino ndi yoona ngati soda, eya soda yemweyu timathira mu therere, angaletse powdery mildew pa mitengo ya hazelnut poyerekeza ndi mankhwala ogula kusitolo. Hazelnut kuno amati fındık, ndi mtedza wa mumtengo uja mumaupeza mu chokoleti ndi mu Nutella, ndipo Turkey yokha imakolola woposa theka la mtedza umenewu pa dziko lonse, nde Ordu ndi Giresun ndi kuchimake kwenikweni, phiri lililonse ukaliyang'ana ndi fındık yekhayekha kuyambira kunyanja mpaka kumitambo.

Matendawa mumawadziwa, kungoti dzina. Ndi aja amayeretsa masamba a maungu nkhwani ikamakalamba ngati wina wawazapo ufa, komanso aja amaumitsa maluwa a mango. Kuno amati külleme, kuchokera ku mawu oti kül, phulusa, nde ine ndizingoti phulusa basi.

Chimene chinapangitsa kuti ikhale nkhani ndi ichi. Phulusa pa fındık linalipo kuyambira kale, la kafangasi kotchedwa Phyllactinia guttata, koma ilo limabwera mochedwa, kunsi kwa tsamba, mtedza utakhwima kale, alimi sankavutika nalo nkomwe. Mu 2013 kunatulukira lina, Erysiphe corylacearum, limeneli silidikira, limagwira masamba anthete mbali zonse ziwiri, mphukira, ndi makoko obiriwira aja amakuta mtedza, ndipo mtedza wogwidwa udakali waung'ono umafota nkuyoyoka. Pano lili ku Georgia, Azerbaijan, Iran, ndipo ku Italy analipeza mu 2020.

Munda ndi wa bambo ena achikulire, ine ndimangoti Amca, kunoko mwamuna wamkulu aliyense ndi amca, ngati mmene timanenera kuti ankolo. Iwo amati oğlum, mwana wanga. Ali pa Ramadan pano nde lero tazungulira munda onse pakamwa pouma, ine ndimachita manyazi kutulutsa botolo la madzi.

2 Epulo

Tamaliza kuika mariboni. Fındık kuno sabzala mtengo umodziumodzi, amabzala ngati tsinde la nthochi kapena nsungwi, mitengo isanu kaya isanu ndi itatu kutuluka pamalo amodzi, chimenecho amati ocak. Mtundu wake ndi Tombul, wozungulira uja, ndi umene amaunyadira kwambiri.

Magulu alipo 6, lililonse ndi mtundu wake wa riboni. Loyera madzi okhaokha, ndilo loyerekezera. Lobuluu soda, sodium bicarbonate, magalamu 10 pa lita. Lachikasu potassium bicarbonate, mbale wake wa soda, mulingo womwewo. Lobiriwira salufa wosungunula mmadzi, kuno amati kükürt. Lofiira mankhwala olowa mkati mwa tsamba, fluopyram wosakaniza ndi tebuconazole, mulingo wa pa lebulo. Lakuda ndi maganizo anga, a Hoca, aphunzitsi amene amandiyang'anira, poyamba sankafuna, kuyamba ndi mankhwala ofiirawo kamodzi kenako kupitiriza ndi potassium bicarbonate. Gulu lililonse ma ocak atatu, kubwereza kanayi mma buloko anayi a munda, onse pamodzi 72, ndipo pakati tasiya mzere wosawerengedwa kuti mphepo isauluzire mankhwala kwa mnzake.

Pa pepala zimaoneka bwinobwino timabokosi. Kumunda ndi chiphedi choti ukaponya mwala umakaupeza kumtsinje, Amca amayenda ngati mbuzi zaka zawo zonsezo, ine ndimakwera chogwira mitengo.

13 Epulo

Bayram, Eid yotsekera Ramadan, yatha, tinadya mpaka kudana ndi chakudya. Teyze, mayi a pakhomopo, anaphika msuzi wa karalahana, ndiwo zamasamba zangati repu, ndi buledi wa chimanga, anthu a kuno chimanga amachidziwa osati masewera.

Ndinalakwitsa kusitolo. Ndinakagula kabartma tozu poganiza kuti ndi soda, chonsecho ndi baking powder, mmenemo muli asidi ndi sitachi, ukathira mmadzi zimangochita thovu mphamvu ija nkutha. Soda weniweni kuno amati karbonat. Teyze anaseka mpaka misozi, atenga mapaketi onse akuti aphikira keke. Wa ntchitoyi tsopano tatenga wa ku labu woyezeka bwino.

28 Epulo

Kupopera koyamba. Masamba atambasuka, timtedza tangoyamba kumanga timagulu, çotanak amatero, ndipo phulusa sindinalione paliponse kupatula timadontho tiwiri titatu pa mphukira za pansi. Ndi nthawi yake imeneyi, chifukwa soda salowa mu tsamba, amangokhala pamwamba, ntchito yake ndi kusintha pH, mulingo wa asidi, ya pa tsambapo ifike cha mma 8 ndi kuyamwa madzi mu timbewu ta fangasi mpaka tifwaphe. Fangasi wa phulusa amakhala kunja kwa tsamba, amangolowetsa timizu toyamwira mu khungu, nchifukwa chake chinthu chofooka ngati soda chimatha kumukhudza, akanakhala wa mkati bwezi tikungotaya nthawi.

Kasungunulidwe: madzi ozizira, osati otentha. Bicarbonate ukamutenthetsa amasanduka carbonate, waukali kwambiri, amawaula masamba. Ndimayamba kusungunula mu ndowa kenako kusefa pa kansalu ndiye kuthira mu sipuleya, apo ayi nozo imatsekeka. Tikuthiramo timadontho ta chomatitsa chifukwa tsamba la fındık lili ndi tiubweya, madzi amangogubuduka. Ndipo bicarbonate sitimusakaniza thanki imodzi ndi mankhwala enawo, ena amaonongeka mmadzi a pH yokwera, nde gulu lililonse kutsuka sipuleya katatu. Kutsukako kwadya nthawi yambiri kuposa kupopera kwenikweniko.

Sipuleya ya kumsana ya malita 16, madzi okatunga pampopi wa kumsewu kumtunda. Ndakwera maulendo angati sindinawerenge, ndinasiya pa 11. Usiku miyendo imanjenjemera yokha pabedi.

30 Epulo

Mvula usiku wonse. Mxii.

3 Meyi

Ndinawafunsa a Hoca kuti Hocam tibwereze kodi, akuti ayi, ndondomeko inati masiku 14 ndi masiku 14, ukayamba kubwereza gulu limodzi lokha waphwanya kuyerekeza. Akunena zoona kumbali ya sayansi koma mumtima ndikudziwa kuti pa mitengo ya riboni yobuluu ndi yachikasu palibe chatsalapo, zonse zili kumtsinje. Ofiira aja analowa kale mkati, mvula siwakhudza. Salufa amagwirako pang'ono.

Zodabwitsa za phulusa nzoti mvula yamphamvu nalonso sililikonda, imakokolola timbewu take. Chimene limakonda ndi chinyontho cha mumpweya ndi mthunzi, kutentha kwapakatikati, tsamba louma koma mpweya wonyowa. Nde kuno mvula ikangosiya kumabwera nkhungu yochokera kunyanja nkukhala mzigwa masiku awiri atatu, fangasi amakhala ali pa ukwati.

12 Meyi

Kupopera kwachiwiri, komanso kuwerenga koyamba. Pa ocak iliyonse ndimatenga masamba kuzungulira mbali zinayi, lililonse ndimalipatsa nambala, 0 ngati lilibe phulusa, 4 ngati phulusa lakuta kupitirira theka. Manambalawo pambuyo pake amalowa mu fomula ya Townsend-Heuberger yowerengera kukula kwa matenda koma zimenezo nza pa kompyuta, za mu Sepitembala.

Pa loyera layamba. Silimayamba ngati ufa ayi, limayamba ngati kadontho kachikasu kotuwa ngati pagwera mafuta, ukatembenuza tsamba padzuwa ndi pomwe umaona kautsi koyera. Ofiira ndi akuda alibe phulusa. Salufa ali bwino. Potassium wagwidwa pang'ono. Soda ali pakati pa potassium ndi madzi.

Koma chimene chandigwira mtima lero si magulu, ndi mphukira za pansi zija zimatuluka patsinde, dip sürgünü. Zayera zonse ngati zagwera mu chigayo, ngakhale pansi pa mitengo yofiira pomwe sindinafikepo bwino ndi nozo. Ndi zanthete, zili pamthunzi, zili pafupi ndi masamba ogwa a chaka chatha pomwe fangasi amagonera nyengo yozizira. Ndiye kuti matenda amayambira pansi kukwera. Amca akuti kale ana awo ali pakhomo ankazidula kawiri pachaka, pano ana onse ali ku Istanbul, amabwera mu Ogasiti kudzakolola basi. Minda yambiri kuno ili choncho, eni ake amaiona mwezi umodzi pachaka.

Amca anapoperanso mankhwala a fındık kurdu, kanankafumbwe kamene kamaboola mtedza ukafika ngati kanjere ka mphodza. Ndinaonetsetsa kuti apopere munda wonse mofanana, ndipo ndinawerenga botolo ndekha kuti mulibe cha fangasi.

19 Meyi

Ndapsereza mitengo iwiri, mwadala pang'ono mwangozi pang'ono. Kunja kwa ma 72 aja kuli ma ocak ena kumalire Amca anandipatsa kuti ndizisewera nawo, nde ndinati nanga soda akuchepa mphamvu bwanji ndiwonjezere, ndinaika magalamu 25 pa lita, ndinapopera cha mma 11 dzuwa lili pamutu. Lero mmbali mwa masamba mwapsa, mwauma mwa bulauni, anthete apindika ngati fodya wopsa ndi feteleza. Phulusa lafadi pamenepo, koma ndi tsamba lomwe kkkk. Amca anayang'ana, anayang'ananso ine, anangoti oğlum, çay içelim, tiye tikamwe tiyi. Sanatchulenso.

Vuto la soda ndi sodium uja. Pa tsamba amaotcha akachuluka, ndipo ukamapopera chaka ndi chaka amatsikira mu nthaka, sodium si chakudya cha mtengo. Potassium bicarbonate amagwira chimodzimodzi koma chotsalira chake ndi potassium, amene mtengo umamufuna kale, nchifukwa chake mankhwala a bicarbonate amene amagulitsidwa ku Ulaya ndi ku America a minda ya organic ambiri ndi a potassium. Kungoti iyeyo sumupeza pa shelefu ya golosale ngati karbonat.

26 Meyi

Kupopera kwachitatu. Ndayamba 5 koloko mmawa, pofika 10 ndinali nditamaliza salufa, chifukwa salufa kukatentha kupitirira madigiri 30 naye amaotcha, ndipo sayenderana ndi mafuta, nde chomatitsa cha mafuta pa gulu lobiriwira sindithira. Fungo lake limakhala mmalaya olo uchape kawiri, mu dolmuş, minibasi ya kuno, pobwerera mayi wina anatsegula windo osandiyang'ana.

Ng'ombe ya aneba yadya mariboni anayi. Mwayi ndinajambula mapu.

9 Juni

Lero ndiye ndakhumudwa zenizeni, ndilembe bwinobwino mwina mtima utsika.

Ndafika mmawa kuti ndiwerenge ndisanapopere kachinayi. Ndayamba kumtunda, buloko yoyamba, yachiwiri, zonse monga ndimayembekezera, oyera ali pa 3 ndi 4, masamba ena ayamba kuda ndi kupindika, makoko a mtedza ayera, ena ukawakhudza akugwa. Ndatsikira buloko yachinayi, imene ili pafupi ndi nyumba, yooneka ukakhala pakhonde. Ma ocak atatu a riboni yoyera, masamba atsopano onse obiriwira bwinobwino, phulusa lakale lauma lasanduka lotuwa. Ndinaima kaye, ndinayang'ana mapu, mwina ng'ombe ija yandisokoneza, ayi ndi omwewo. Ndanunkhiza tsamba. Kükürt.

Ndakwera kunyumba, Amca ali pa mpando wawo akusongola mpini. Ndati Amca, mitengo itatu ija ya kumunsi. Sanakane nkomwe. Akuti oğlum, mitengo imeneyo anabzala ndi bambo anga, ine ndizikhala pano mmawa uliwonse kumwa tiyi nkumaiona ikufa, mankhwala ali mnyumba? Akuti anapopera Lachiwiri madzulo. Ndinawafotokozera kale kawiri konse mu Malichi kuti yoyerayo iyenera kudwala, ndi imene imatiuza kuti matenda analipo ochuluka bwanji, popanda iyo manambala enawo alibe tanthauzo, ndipo anavomera, anagwedeza mutu, tinagwirana chanza. Koma kuvomera mu Malichi mitengo ilibe masamba ndi kwina, kuiona mu Juni ndi kwina.

Ndinalibe choyankha. Ndikanakhala ine munda wa agogo kwathu wina akundiuza kuti mizere itatu ya chimanga uisiye ntchemberezandonda zidye kuti tiyerekeze, kaya ndikanapirira masiku angati. Teyze anabweretsa tiyi mu timagalasi tawo tija, tinamwa chete.

A Hoca pa foni anapuma kaye nthawi yaitali, kenako akuti lemba zoona zokhazokha, buloko yachinayi gulu loyerekezera latayika kuyambira 4 Juni, tigwira ndi zitatu. Akuti chaka chamawa oyerawo uziwaika kuseri kwa phiri komwe mwini munda sapitako kkkk. Zimatheka ayi, malo amasankhidwa mwa maere, koma ndamva chimene amatanthauza.

Ndapopera kachinayi chamadzulo mphepo itatsika. Ofiira sanalandire lero, lebulo ili ndi malire ake a maulendo pa chaka, komanso si mankhwala owabwereza mwachisawawa. Pa mndandanda wa FRAC, umene umagawa mankhwala a fangasi potengera mmene amagwirira, tebuconazole ali mu gulu 3, fluopyram gulu 7, onsewa amamenya fangasi pamalo amodzi enieni, nde ukamawapopera okhaokha chaka ndi chaka fangasi amazolowera, ndipo fangasi wa phulusa amadziwika ndi kuzolowera msanga. Salufa ndi bicarbonate samenya pamalo amodzi, kuwazolowera nkovuta. Apa ndi pamene panachokera maganizo a gulu lakuda lija.

23 Juni

Sabata yatha kunali Kurban Bayramı, Eid yopha nyama, kuyambira pa 16, mudzi unadzaza magalimoto a ku Istanbul, nyama mbwee. Mwana wamkulu wa Amca, ndimati abi, ngati kunena achimwene, anatsika nane kumunda kudzaona. Anafunsa funso limodzi lokha, zimatenga masiku angati. Osati ndalama zingati, masiku angati. Ndinati bicarbonate kuti agwire bwino pamvula ya kuno afunika mwina sabata iliyonse kapena masiku 10, ndi kubwereza mvula ikagwa. Anaseka, akuti ine tchuthi changa chonse ndi masiku 14 pachaka ndipo ndimachisungira kukolola.

Funso limenelo lakhala likundizungulira mmutu. Ine ndinabwera ndi maganizo oti soda ndi wotchipa nde alimi amukonda. Paketi ndi yotchipadi. Koma miyendo yokwera chiphedi chija ndi malita 16 kumsana ndi yodula, waganyu wa tsiku limodzi amadya ndalama yoposa soda wa chaka chonse, ndipo munthu wa zaka za Amca sangakwere kasanu ndi kawiri. Botolo lofiira lija ndi lodula pogula koma umakwera kawiri basi.

Kuwerenga kwa lero: ofiira ambiri 0 ndi 1. Akuda pafupifupi chimodzimodzi, mwina 1 wochulukirapo, ndasangalala nazo. Salufa 1, apo ndi apo 2. Potassium 1 ndi 2 panja pa mtengo, mkati momwe muli mthunzi 3. Soda 2 ndi 3. Oyera a mabuloko atatu otsala 4, ndipo pansi pawo pali timtedza togwa tofota.

Kupopera kwachisanu, komaliza.

14 Julayi

Sindikupoperanso, ndikungowerenga. Masamba akhwima, alimba, phulusa latsopano lachepa lokha ngakhale pa oyera, koma zimene linaononga linaononga. Chimene ndikuona ndi maso nchoti kusiyana kwa mkati ndi kunja kwa ocak nkwakukulu kuposa kusiyana kwa soda ndi potassium. Ma ocak othithikana, a mitengo 10 kapena 12 osapatulira, mkati mwake olo upopere chani nozo simafika, mphepo sidutsa. Ocak imodzi ya buloko yachiwiri Amca anaipatulira chaka chatha chifukwa mitengo iwiri inathyoka ndi chipale, ili pa riboni yobuluu, soda wamba, koma ikuoneka bwino kuposa ena a potassium. Ocak imodzi si umboni, a Hoca andiuza kale, koma ndailemba.

Kwabweranso mlendo wina, kahverengi kokarca, Halyomorpha halys, kachilombo konunkha kofanana ndi nsensenya koma kabulauni ndipo aka sikadyedwa. Kamabaya mtedza nkuyamwa, mkati mumaola kapena kuwawa. Alimi ku tiyi sakukambanso za külleme, nkhani ndi kokarca basi. Kwa ine ndi mutu wina, chifukwa pokolola ndiyenera kusiyanitsa mtedza woonongeka ndi phulusa ndi woonongeka ndi kachilomboka, apo ayi ndidzanamizira fangasi mlandu wa mnzake.

3 Ogasiti

TMO, bungwe la boma logula mbewu, yalengeza mtengo wa 2024, malira, ndalama ya kuno, 132 pa kilo wa giredi ya Giresun kalite ndi 130 wa giredi ya Levant, pa randıman 50. Randıman ndiye mawu amene aliyense amatchula nyengo ino, kutanthauza kuti ukaswa mtedza wa makoko, mtima wabwino ukulemera gawo lanji. Ukaposa 50 mtengo umakwera, ukachepa umatsika. Nde phulusa limaba kawiri, mtedza wogwa msanga ndi mtedza wosadzaza.

18 Ogasiti

Takolola. Masiku okolola kuno amalengezedwa motsata kutalika kwa malo, a mmbali mwa nyanja mpaka mamita 250 amayamba, kenako apakati mpaka 500, kenako akumtunda, ife tili apakati. Banja lonse labwera, ana, azukulu, apongozi, munda uli phokoso, aliyense kadengu mchiuno kukoka nthambi nkumathyola. Ine ndinali wapolisi, kuthamanga uku ndi uku kuti mtedza wa mariboni usalowe mthumba la onse, mdzukulu wina anasakaniza wachikasu ndi wobuluu wa buloko yoyamba nditangotembenuka, mwayi anali asanakhuthule, tinasankha potengera madengu.

Matumba anga 24, lililonse ndi lebulo mkati ndi kunja. Awa sanalowe mu patoz, makina aja amachotsa makoko, tasenda pamanja pa harman, pabwalo loyanikira, ine ndi Teyze ndi azakhali ena awiri, madzulo atatu. Zala zada bii. Makoko a oyera ndi ouma, otuwa, amamatirira ku mtedza, Teyze amawazindikira osaona lebulo, amangoti aha, hasta, wodwala uyu.

8 Sepitembala

Ku labu kuswa mtedza, umodziumodzi, kuyeza, kulemba, wopanda kanthu uku, wofwapha uku, wobayidwa ndi kokarca uku. Sindilemba manambala pano a Hoca asanawaone komanso buloko ija yatilemaza, koma mndandanda sunasinthe kuchokera mu Juni: ofiira ndi akuda patsogolo moyandikana, salufa pambuyo pawo pafupi, potassium, kenako soda, kenako madzi. Soda waposa madzi moonekeratu, zimenezo sindikukayika. Koma yekha pa masiku 14 pamvula ya Black Sea sakwanira, ndipo amene angakuuzeni kuti supuni ya karbonat ithetsa külleme mmunda wa chiphedi sanasenzepo sipuleya.

Mlongo wanga kwathu anawerenga za mu Meyi zija nde akufunsa ngati angapopere soda pa maungu a kudimba. Ndamuuza kuti ayese mzere umodzi kaye, osapitirira magalamu 10 pa lita, olo 5 poyamba chifukwa masamba a maungu ndi ofewa, madzi ozizira, kadontho ka sopo, madzulo dzuwa litapepa, ndipo ayambe akangoona kadontho koyamba osati tsamba litayera kale. Kudimba nthawi ya chilimwe kulibe mvula yokokolola, komanso ndi pathyathyathya, vuto langa la kuno iye alibe.

27 Okutobala

Ndinapita kukatola masamba ogwa. Pa masamba a oyera pali timadontho ngati tsabola wopera, tina tachikasu tina takuda, amenewo ndi ma chasmothecia, timipira momwe fangasi amasungamo mbewu yake mpaka Epulo. Pa maikulosikopu ndi tokongola moti umaiwala kuti ndi mdani. Ta Erysiphe corylacearum tili ndi timanja tokhala ndi nsonga zogawikagawika pawiri, pamene ta Phyllactinia wakale uja ndi tokulirapo, timanja take towongoka ngati singano tokhala ndi chotupa patsinde. Ndapeza onse awiri pa tsamba limodzi, watsopano pamwamba wakale kunsi. Ndinakuwa ndekha mu labu, mnzanga wa ku Azerbaijan anabwera kudzasuzumira, akuti kwawonso ndi zomwezi.

Pansi pa ofiira ndi akuda timadontho timeneti ndi tochepa kwambiri. Pansi pa oyera ndi nkhokwe. Ndiye ngongole yanga kwa Amca ndi imeneyi, ndawasiyira mbewu ya matenda mma ocak 9, ndinalonjeza kuti ndisesa ndekha.

10 Novembala

Tasesa masamba pansi pa oyera onse ndi mizere yoyandikana nayo, takwirira mdzenje kumalire. Tadulanso mphukira za pansi mu buloko yoyamba ndi yachiwiri, ndi kupatulira mitengo yokalamba, Amca ndi amene amaloza woti udulidwe, ine ndi sowo. Chaka chamawa ndikufuna magulu achepe koma ndiwonjezere funso la kupatulira, theka lodulira theka losadulira, komanso bicarbonate wa masiku 7 ayime payekha pambali pa wa masiku 14, ndipo ndizilemba maola ndi maulendo okwera pa gulu lililonse, chifukwa funso la abi lija silinayankhidwe ndi manambala anga onsewa. A Hoca avomera la kupatulira, la masiku 7 akuti tione kaye ndalama ya mayendedwe.

Amca akuti munda ulipo, ndibwerenso, koma apempha chimodzi, ma ocak atatu a kumunsi kwa khonde asalowe mmaere. Ndavomera, ndawachotsa pa mapu. Pamitengo payamba kale kulendewera timichira ta maluwa aamuna, püs, fındık amachita maluwa nyengo yozizira masamba kulibe. Nyengo ya hamsi yayamba, tinsomba tangati usipa, Teyze anakazinga mu ufa wa chimanga ndipo andilongedzera tina mu kontena, dolmuş yonse imanunkha ine mpaka mtauni. Sipuleya ndaisiya konko nditaitsuka, nozo ndi timaraba ndabwera nazo, imodzi yang'ambika ifunika kugula isanafike Epulo.